Amock Apumira Pakhomo pa Apongozi

Lachinayi, pa 14 Ogasiti 2025, vani ya bungwe lina lokonza mijigo inaima m'mbali mwa msewu wolowera ku Mhuju, ngolo ya mapaipi ili kumbuyo. Woyendetsa anali Amock Harawa, ndipo pambali pake panali Lovemore Kachingwe wa ku Chiradzulu, amene likulu la bungwelo linamutumiza ku Rumphi kudzalondoloza lamulo lawo latsopano: dalaivala wokoka ngolo akayendetsa maola anayi ndi theka azipuma mphindi 45, ndipo zizilembedwa m'buku.

"Fulumirani, bwana," anatero Amock, injini ikulira. "Tchire ndi ilo."

"Tchire la chiyani?"

"Si mwati ndiime?"

"Ndati muime. Za tchire mwaonjezera nokha." Lovemore anatambasula dzanja, n'kuzimitsa injini, kiyi n'kuponya m'thumba la malaya. "Maola anu akwana, a Harawa. Yambani kupuma."

Amock anasuzumira kumanzere. Panali nyumba ya malata ndi mtengo wa mango. Anatsitsa chipewa mpaka pamphuno.

"Pano ayi."

"Pali chiyani pano?"

"Palibe mthunzi."

"Nanga mango awo?"

"Mangowo ndiye vuto. Taonani, msika wa Mhuju ndi uwo ukuoneka apo. Tikapumire kumeneko, ndikakugulirani tchipisi."

"Kuti tikafike kumsika, mpaka muyendetse. Kuyendetsako ndiye kwatha."

"Ndiyenda pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono ndiye maola achuluka."

Amock anapumira m'mwamba. "Bwana, nyumba iyo ndi ya apongozi anga."

"Mwayi wanu. Mukamwa tiyi."

"Amake Lusungu ali m'menemo. Mkazi wanga, Dinah. Anachoka kwanga mu Juni."

"Aa, pepani. Chinavuta n'chiyani?"

"Akuti ndinakwatira galimoto, iwo ndinangowalemba ntchito yochapa ovolosi. Akwawo andiitana kawiri kuti tidzakambirane. Ndinawayankha kuti ntchito yathu silola munthu kuima olo pang'ono."

Lovemore anaganiza kaye. "Zimenezo zinali zoona mpaka pa 1 Julaye, pamene lamuloli linayamba."

"Iwo sakudziwa."

"Ndiwafotokozera."

"Musayerekeze. Akangondiona ndakhala pano manja ali m'khosi, banja langa lathera pamsewu pompano. Tamverani. Lamulo lanulo ndi la galimoto yokoka ngolo, eti?"

"Eya. Ndime yachiwiri."

"Ndiye timasule ngoloyi. Vani yopanda ngolo ilibe maola."

"N'zoona, ilibe." Lovemore anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene mwana wake wakhoza. "Koma kumasula ngolo ndi ntchito. Wopuma sagwira ntchito. Mukangokhudza chitsulo chija, kupuma kuyambiranso poyamba."

"Masulani inuyo."

"Sindinaphunzire. Ine ndine wa maola."

"Hee, Chiuta." Amock anatsetsereka pampando mpaka mawondo anagunda chiwongolero, mutu n'kubisala kunsi kwa windo. "Chabwino. Wina akafunsa, muwauze kuti mulibe munthu."

"Ndiye wayendetsa ndani?"

"Inuyo."

"Ndilibe laisensi yokokera ngolo. Mukufuna ndidzilembe ndekha mlandu, ndi bolopeni yanga yomwe?"

"Muwauze kuti galimoto yafa."

"Ikafa kupuma sikuwerengedwa. Dalaivala wa galimoto yakufa amakhala ali pantchito, akudikira makaniko."

"Muwauze kuti wafa ndine."

"Zimenezo zili ndi fomu yake." Lovemore anatsegula buku pabondo. "Malo opumira. Mudzi uno dzina lake ndi chiyani?"

"Lembani Mhuju."

"Ku Mhuju sitinafike. Mwanena nokha kuti ndi uko."

"Dzina ndaiwala."

"Munakwatira m'mudzi wosaudziwa dzina?"

"Ndinabwera kudzatenga mkazi, osati kudzachita kalembera."

"Palibe kanthu. Ndifunsa mayi akusesa pabwalowo."

"Bwana, musatsitse galasi."

Galasi linali litatsika kale. Lovemore anatulutsa mutu ndi dzanja limodzi. "Monire, amama," anatero mokweza, monyadira, ngati munthu amene wasunga mawuwo mwezi wathunthu kudikira mpata.

Pansi pa chiwongolero panamveka kubuula. "Ayankha?"

"Sanayankhe. Asiya tsache. Akuwerenga dzina la bungwe pachitsekopa."

"Kenako?"

"Akuyang'ana nsapato yanu. Yatulukira pansi pa chitseko, chija munati mukonza."

Amock anakoka phazi, mochedwa. "Ali ndi duku lobiriwira?"

"Lobiriwira."

"Apongozi ndi amenewo. Tsopano akutani?"

"Alowa m'nyumba. Atuluka ndi mpando. Auika pansi pa mango." Lovemore anakonza taye yake. "Anthu akuno ndi aulemu. Aona kuti tikupuma."

"Umenewo si mpando wopumira."

"Abweretsa wina. Ndi benchi. Kukubweranso bambo wina kuchokera kuseri, akuvala jekete akuyenda."

"Wamtali, wa ndodo?"

"Wa ndodo ndi Baibulo."

"A Greyson, akulu awo a malemu apongozi aamuna. Ndi mkulu wa mpingo. Pemphero lawo lotsegulira lokha limaposa kupuma kwanuko." Amock anatambasula dzanja ali chigonere. "Kiyi, bwana. Ndikupemphani ngati mwamuna mnzanu."

"Mwamuna mnzanu alibe kiyi. Ali nayo ndi wa maola."

"Ndiye ndituluka chitseko chanucho, ndithawire m'chimanga."

"Mu Ogasiti? Anakolola. Komanso kuthamanga sindikudziwa ngati ndi kupuma. Ndiyenera kufunsa ku Lilongwe."

Kunadutsa njinga ya kabaza, woyendetsa n'kuliza belu, n'kupereka moni kwa Amock pomutchula dzina. Amock anatseka maso.

"Kwatuluka mayi wina," anatero Lovemore. "Wachitsikana poyerekeza ndi oyamba aja."

Maso anatseguka. "Akuoneka okwiya?"

"Muyeso wa zimenezo sanandipatse."

"Ingonenani zimene mukuona."

"Anyamula kampando kakafupi. Akaika padzuwa. Aima. Akanyamulanso, akaika pamthunzi. Tsopano akukapukuta ndi nsonga ya chitenje."

"Akupukuta?"

"Akupukuta."

"Mwaonetsetsa? Osati kungokakung'untha?"

"A Harawa, kupukuta ndimakudziwa."

Amock anadzuka pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Anayang'ana kumango nthawi yaitali. Dinah sanayang'ane kumsewu, koma sanalowenso m'nyumba.

"Kampando kaja ndi ka mkamwini," anatero ndi mawu otsika. "Ulendo watha ndinakhala padzuwa."

"Ndiye pitani mukakhalepo. Bola musanyamule kanthu."

"Kuno mkamwini salowa yekha pa nkhani ngati iyi. Salankhulanso yekha. Pamafunika thenga. Kwanu mumati nkhoswe."

"Nanga inu mumatani pamenepo?"

"Ndimangokhala phee, maso pansi."

"Osagwira chilichonse?"

"Olo kutsokomola."

Nkhope ya Lovemore inawala. "Kumeneko ndiye kupuma kwenikweni. Chiyambire ntchitoyi sindinakuonepo. Ndikuvomereza, ndipo ndilemba kuti ndi chitsanzo chabwino."

"Yewo chomene, bwana. Ndimadziwa kuti simungandikane." Amock anayamba kumanga mabatani a malaya. "Mukafika musayambe ndi dzina lanu. Muyambe ndi kupepesa."

"Ndani?"

"Thenga."

"Thenga wake uti?"

"M'galimoto muno tilimo angati? Ngolo silankhula."

Lovemore anatseka buku. "Dikirani kaye. Thengayo kwenikweni amachita chiyani?"

"Zochepa. Amagwada, amaomba m'manja, amapepesa. Akafuna kundikalipira, amakalipira inu. Mwambo wake ndi umenewo, kuti mkamwini asachite manyazi."

"Mawu onse a kuyambira Juni?"

"Ena ndi a chaka chatha."

"Koma ine Chitumbuka changa ndi monire ndi yewo basi."

"Zikwana. Kwinako alankhula a Greyson."

"Zimenezi zimatha nthawi yanji?"

"Zimatengera. Za mkulu wanga zinayamba Lachisanu. Thenga wake anapemphera nawo Lamulungu komweko."

Pansi pa mango, a Greyson anali atakhala, ndodo ili pakati pa miyendo, Baibulo lili pabondo. Amayi awiri oyandikana nawo anafika ndi mphasa zawo. Onse anatembenukira kuvani, ndipo maso ambiri anali pa munthu wa taye.

Lovemore anapisa dzanja m'thumba, n'kutulutsa kiyi, n'kuiika mwakachetechete pabondo la Amock.

"A Harawa, ndikuona ngati mwapuma mokwanira. Maso anu ayera. Mphindi zotsalazi ndingolemba kuti zakwana, palibe adziwe. Lizani galimoto."

Amock anatola kiyiyo, n'kuibwezera m'thumba la malaya a Lovemore, n'kusisitapo bwinobwino.

"Pepani, bwana, ine ndili pa kupuma. Ali pantchito ndinu. Tsikani mukagwade."