Mathero a filimu ya ku Menlo Park

Mu Pretoria, pamzere wa basi yopita ku Blantyre, chaka cha 2007, bambo wina wa imvi anayamba kucheza ndi mayi amene anali pambuyo pake.

"Mwati munkasesa m'kanyumba ka kanema ka ku Menlo Park, Amayi? Ka Mgiriki kaja?"

"Zaka zisanu ndi zinayi, Abambo. Anakatsegula ndi mipando yogula ku tchalitchi. Atabwera ma DVD anakatseka. Lero akugulitsamo matayala."

"Ine ndinkalowamo Lachinayi lililonse ndikaweruka ku gadeni, koma mathero a filimu sindinawaonepo. Takisi ya ku Hammanskraal, komwe ndinkakhala, sinkadikira munthu."

"Ine ndinkaona mathero okhaokha, tsache lili m'manja."

"Ndiye mundiuze za ija ya munthu wa ku migodi, amene anakhala zaka osalembera mkazi wake kalata. Ndinatuluka akukwera sitima yobwerera kwawo."

"Anafika. Mkaziyo anamupatsa mpando ndi madzi akumwa. Kenako anaitana mwamuna wake watsopano kuti adzalonjere mlendo."

"Eish. Mkazi wanga ndinamusiya ku Ntcheu mu 1994."

"Akudziwa kuti mukubwera?"

"Ayi."

"Mzere ukuyenda, Abambo. Mukwera?"

"Tsogolani kaye inuyo, Amayi."