Khasu la Ba Gershom

Pa siteji ya Silverest, Ba Gershom anakhala atagwira tsaya, pafupi ndi mayi wina wowotcha chimanga.

"Atate, mwadwala?"

"Ni shuga, amai. Ku kiliniki akuti niziyenda pansi tsiku lililonse kuti itsike, apo ayi azayamba kunilasa nyeleti ya jekeseni."

"Nanga osayenda bwanji?"

"Nikangoponya phazi, motoka yaima: 'Ba dikoni, kwerani!' Kukana ni mwano. Lero nakwera zitatu!"

"Hehede! Vuto ni jekete yanuyo. Ine nakalambira pa msewu uno, palibe ananiimirapo."

"Mumachita bwanji?"

"Khasu paphewa basi. Sakuonani n'komwe."

"Nibwerekeni mawa!"

"Mukalitenge kumunda kwanga ku Kasisi, wapansi. Mukafika mulimeko mizere iwiri, adokotala akondwere!"