Kuchigayo Anthu Sabwerako

Abusa, ndakulonjerani. Akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndi inu a kwaya uko, mtendere ukhale nanu. Amayi, musayambe nyimbo kaye, khalani pansi. Mumve kaye zomwe ndabwera nazo, mwina musankha nyimbo ina.

Ndikufuna kuchitira umboni. Ndikudziwa kuti ena mwatchera khutu kuti mumve za ndege, za chisanu cha kwa azungu ndi za pepala lomwe ndinabwera nalo. Pepalalo lilipo, lili m'sutikesi, koma umboni wanga si umenewo. Umboni wanga ndi wa dzanzi. Dzanzi lija mumalidziwa, mukakhalira mwendo nthawi yaitali pamaliro, podzuka mwendo uli pomwepo koma sukumveka ngati wanu. Ine linandigwira mumtima, ndipo linakhalitsa.

Kwa alendo amene simukundidziwa, ndine mwana wa konkuno ku Chia, mphunzitsi. Bambo a mwana wanga anatisiya mwanayo akukwawa, ambiri a inu munabwera kudzatikhuza. Mwanayo ndi Ulemu, uyo watsamira achemwali anga a Esinati pabenchi yachiwiriyo. Achemwali andilola kuti ndinene zonse, choncho musamawayang'ane kwambiri.

Ulemu atadutsa zaka zitatu, kunabwera uthenga woti boma landisankha ndikaphunzire kunja, digiri yachiwiri, zaka ziwiri. Maphunziro ake azungu amati saikoloje. Kunena kwake, kuphunzira momwe mutu ndi mtima wa mwana zimakulira, momwe mwana amagwirira zinthu m'kalasi, chomwe chimachititsa wina kuiwala ndi wina kuopa, kuti pobwera ndidzaphunzitse aphunzitsi. Boma ndikulithokoza, ndipo ndikunena mokweza kuti ndi a kumbuyo omwe amve bwino: ndikulithokoza. Koma inu mukudziwa kuti boma likakusankha sunena kuti ndiganize kaye. Ndipo ndisaname m'nyumba ya Mulungu, nanenso ndinkafuna kupita. Mwana ndinamusiya m'manja mwa achemwali.

Kumeneko moyo unali wa mabuku. Kudzuka, kalasi, laibulale, kulemba, kugona. Miyezi yoyamba ndinkalira, ndinkamusowa mwana wanga mpaka mabere kumva kulemera ngati ndikuyamwitsabe. Zimenezo zinali zabwino, abale, nthawi imeneyo ndinali ndidakali munthu.

Tsiku lina aphunzitsi athu, mayi wamtali wa imvi, anatseka makatani natiwonetsa kanema wa ana aang'ono amene anasiyidwa ndi amayi awo nthawi yaitali. Anati tione bwino chifukwa zibwera pa mayeso. Poyamba mwana amalira, amagwedeza chitseko, amakana chakudya. Kenako amafooka, amakhala pakona, kulira kwake kwapansipansi. Pomaliza amaleka. Amadya, amasewera, amamwetulira aliyense, omusamalira n'kumati taonani mwana wabwino, wazolowera. Aphunzitsi anaimitsa kanema nati, ameneyu sanazolowere ayi, watseka chitseko cha mumtima. Mayi ake akadzabwera adzawayang'ana ngati mlendo wina aliyense.

Sipanapite nthawi, kalata ya achemwali inafika, yomatidwa kawiri, yoonetsa kuti wina anaitsegula m'njira, monga amafikira makalata masiku ano. Analemba mosangalala, pofuna kunditonthoza. Anati, usade nkhawa mng'ono wanga, Ulemu wasiya kulira, akudya bwino, sakukufunsanso.

Abale, ndinaipinda kalata ija. Ndinapita ku laibulale. Ndinalemba ntchito yomwe anatipatsa pa mutu womwewo wa ana osiyidwa, masamba ambirimbiri, ndipo ndinakhoza kuposa onse m'kalasi. Aphunzitsi analemba m'munsi kuti ndalemba ngati munthu woziona ndi maso ake. Sindinalire. Kuchokera tsiku limenelo sindinalirenso. Chakudya chinasiya kukoma, koma ndinkadya. Kutchalitchi ndinkapita, koma pemphero langa linkatuluka ngati ndikuitana mayina m'kalasi. Anzanga ankati ndine mkazi wolimba mtima. Sikunali kulimba, munalibe kanthu mkatimo.

Nditabwera munandilandira bwino, sindingaiwale. Nthungululu zinamveka kuchokera kumsewu, amalume anapha mbuzi. Ena munkandithawanso, inde, ndinkakuonani. Munamva kuti ndaphunzira zowerenga maganizo a anthu, ndiye ndikafika pachitsime nkhani inkasanduka ya mphepo ya mwera. Musaope, abale, za m'mutu mwanu sindiziona. Ndi za m'mutu mwa mwana wanga yemwe ndinkalephera.

Tsiku lofikalo achemwali anamusambitsa, anamudzoza mafuta, n'kumukankhira kutsogolo. Mwana anabwera, anagwada bwinobwino, anapereka dzanja lina litagwira pamkono.

“Muli bwanji amadamu?”

Achemwali anati, “Iwe Ulemu, awa ndi amayi ako.”

Mwana anangoti, “Eya,” n'kudzuka kuthamangira anzake kumchenga. Amayi amene munalipo munati, koma mwana waulemu ngati dzina lake. Ine ndinaima pomwepo, mutu ukundiuza kuti ichi ndi chomaliza chija cha m'kanema, mwana wotseka chitseko cha mumtima. Mutu wokha ndiwo unayankhula, pamtima panali zii.

Ndinayesa zomwe ndinaphunzira. Anatiphunzitsa kuti usanathandize mwana uyambe wamuyang'anitsitsa, osalowerera. Ndiye ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse kumuyang'ana mwana wanga akuphika mchenga m'zigoba. Anatiphunzitsanso kuti khalidwe likalandira mphoto limabwerezedwa. Ndiye akandiyandikira pang'ono ndinkamupatsa siwiti. Ankalandira ndi manja awiri, zikomo amadamu, n'kuthamangira kwa achemwali, “Amayi, alendo aja andipatsanso, sungireni.” Sekani, ndi zoseketsa ndithu. Chilichonse chomwe ankachita ndinkachidziwa dzina lake m'Chingerezi. Dzina ndinkalidziwa, koma kumva ayi.

Kenako boma linanditumiza kukaphunzitsa kukoleji ya aphunzitsi, kutali ndi kuno, ndipo ndinayenera kukafika teremu isanayambe. Nkhani inali imodzi: mwanayu ndimutenge kapena ndimusiye? Amalume anati, mutengeni, mwana amaiwala. Achemwali sanayankhule pamaso pa anthu. Anandiuza tili awiri, tikusenda chinangwa, osandiyang'ana.

“Amake Ulemu, mwana ndi wako, sindikukaniza. Koma ngati ukumutenga, udzamutenge ine ndili kumunda. Ndisadzaone.”

Mukudziwa kuti achemwali ana awo onse anagona ali akhanda. Ulemu ndiye anawapukuta misozi. Ndipo ine ndinkadziwa kuchokera m'mabuku omwewo kuti kumuchotsa kwa mayi amene wamugwira tsopano n'kumuchita kachiwiri zomwe ndinamuchita koyamba. Choncho ndinaganiza zomusiya. Ndinaganiza bwinobwino, modekha, ngati ndikuchonga mayeso a mwana wa eni. Apa ndiye panali poopsa, abale. Mayi akusiya mwana wake mmodzi yekhayo, mwina mpaka kalekale, koma osamva kuwawa ngakhale pang'ono. Ndinapemphera pemphero limodzi lalifupi, louma ngati ena onse. Ndinati, Ambuye, ngati ndikadali wamoyo, ndidziwitseni.

Yankho silinabwere m'tchalitchi muno, silinabwerenso m'maloto. Linabwera m'mawa wina wamba. Achemwali anali atapita kukavuula chinangwa, pakhomo tinatsala ine ndi Ulemu. Mpunga wopuntha unali utatha, ndiye ndinati nanenso ndigwireko ntchito. Ndinathira mpunga m'dengu, ndinapinda nkhata, ndinasenza. Mwana anali pakhonde akuluka tsitsi la chidole cha chitsononkho. Ndinangomuuza monga munthu amauzira mwana aliyense.

“Ulemu, ndikupita kuchigayo, ndibwera posachedwa.”

Abale, mwana waulemu uja sindinamuzindikire. Anataya chidole, anandithamangira, anagwira chitenje changa n'kukoka ndi mphamvu mpaka dengu linagwa, mpunga mbwee bwalo lonse, nkhuku n'kuyamba phwando. Anandimenya ndi tizibakera take m'ntchafu. Nditawerama kuti ndimugwire, anandiluma padzanja pano, chipsera ndi ichi, a pabenchi yoyamba mukuchiona. Akukuwa, mawu atasasa.

“Bodza! Bodza inu! Kuchigayo anthu sabwerako! Munanama! Munanama inu!”

Ndinakhala pansi pampunga pomwepo. Ndinali nditaiwala, abale, ndinali nditaiwaliratu. Tsiku lomwe ndinkanyamuka kupita kunja, amayi achikulire anandilangiza kuti mwana asakuone ukutsanzika, adzavuta. Mmene timachitira tonse kuno. Sutikesi inatsogola pa njinga mbandakucha. Ine ndinavala chitenje chakale pamwamba pa diresi, ndinasenza dengu lopanda kanthu, n'kumuuza mwana wa zaka zitatu kuti ndikupita kuchigayo, ndibwera posachedwa. Ndinabwera patapita zaka ziwiri.

Achemwali anamva phokoso, anafika akuthamanga, manja ali mbuu ndi chinangwa. Ataona dengu ndi mpunga anamvetsa okha. Anati, “Mayo ine, ndinaiwala kukuuza. Mawu amenewo sititchula pakhomo pano. Ine ndikamapita kuchigayo ndimati ndikupita kunyanja. Chichokereni iwe, mwanayu sadutsa njira ya kumeneko, amazungulira kumanda.”

Mwana wamng'ono kusankha njira ya kumanda kusiyana ndi ya kuchigayo.

Pamenepo m'pamene dzanzi linayamba kumasuka. Ndipo inu mukudziwa kuti mwendo wa dzanzi ukamadzuka sumva kukoma, umabaya ngati singano. Ndinamva kuwawa kwa mano ake padzanja, ndiyeno kuwawako kunakwera mpaka pachifuwa. Mutu unayamba kundiuza kuti mabuku amati mwana akakwiyira mayi ake ndiye kuti sanamutaye, mlendo sakwiyiridwa chotero. Zoona zimenezo, ndipo ndikuthokoza kuti ndinaphunzira, chifukwa pakanapanda maphunzirowo ndikanamukwapula kuti ndi mwano. Koma ulendo uno mutu sunayankhule wokha. Ndinamugwira akuphiriphitha, ndinati, “Inde mwanawe, ndinanama. Ndinanama ine amayi ako.” Anandimenyabe kwa kanthawi. Kenako anatopa, anagona pamiyendo panga, thukuta lili kamukamu, dzanja litagwira chitenje changa.

Kukoleji ndinapitabe, ntchito ya boma sidikira. Mwana ndinamusiyabe kwa achemwali, pakuti chifukwa chija sichinasinthe. Koma ulendo uno amayi achikulire atabweranso ndi malangizo aja oti ndizembe, ndinawakanira mwaulemu. Ndinamukhazika Ulemu pansi, ndinamuonetsa sutikesi, ndinati, “Ndikupita kuntchito, kutali, pa basi. Sindibwera mawa, sindibweranso mkuja. Ukuona mango awa? Akadzapsa ndidzabwera.” Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa, “Si bodzanso?” Ndinati ayi.

Anandiperekeza kusiteji ndi achemwali. Achinyamata a chipani ataona makhadi athu a chipani, kondakitala atakweza katundu, mwana wanga anayamba kulira. Analira, abale. Anadzigubuduza pamchenga, achemwali akumugwira, anthu m'basi akuti mayi ameneyu ndi wouma mtima bwanji. Ine ndinalira kuchokera pa Chia mpaka ku Salima, mayi wina wogulitsa usipa amene ndinakhala naye mpaka anandifunsa kuti wamwalira ndani. Ndinalephera kumufotokozera kuti palibe wamwalira.

Sindikuuzani kuti zonse zatha. Dzanzi silinachoke lonse. Masiku ena ndimaima kutsogolo kwa ophunzira anga, ndikuwaphunzitsa za mtima wa mwana, n'kumadzimva ngati ndikuyankhula kuchokera m'chipinda china. Nyimbo zina mukamaimba ndimangoyendetsa milomo. Ngakhale pano ndaima, mwaona nokha kuti misozi sikutuluka, musandiweruze nazo. Ine ndi Ulemu tikadali kuphunzirana, tsiku lina amandikhalira pafupi, tsiku lina amandizemba. Teremu ikubwerayi achemwali avomera kupita nafe kukoleji, akakhale nafe miyezi ingapo, kuti mwana asasankhe pakati pa amayi awiri.

Koma mango apsa, ndipo ine ndabwera monga ndinanenera. Achemwali akuti mwana ankadzuka n'kukayang'ana mumtengo m'mawa uliwonse. Dzulo mpunga unathanso pakhomo. Ndinathira m'dengu, ndinasenza, ndinaima pakhomo mtima ukugunda. Ndinati, “Ulemu, ndikupita kuchigayo. Tiye tipite tonse.” Anadzuka, anagwira nsonga ya chitenje changa, ndipo sanaisiye njira yonse. Titafika anakana kulowa, anaima pakhomo atatseka makutu chifukwa cha phokoso, maso ali pa ine mpaka mpunga wonse unatuluka. Pobwerera anayenda patsogolo. Titalowa pabwalo anakuwa, “Amayi Esinati, tabwerako!”

Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Achemwali, zikomo, mawu okwanira ndilibe. Mulungu ndikumuthokoza pondibwezera kuwawa, chifukwa chowawa ndi chamoyo. Tsopano amayi mukhoza kuyamba nyimbo ija. Ine mwina sinditha kuimba bwino, ndiye imbani mokweza m'malo mwanga, kondwerani nane, pakuti dzulo tinapita kuchigayo awiri, ndipo tinabwerako awiri. Amen.