Mpando wa Mayi Gudrun

Patangopita tsiku limodzi asilikali a ku Jeremani atagonja, Mayi Gudrun ankadikira sitima yamumsewu mumzinda wa Oslo. Pambali pawo panali bambo wachikulire atagwira kambendera.

"Lero lokha ndikhala pampando, bambo," anatero mayiwo. "Zaka zisanu ndakhala ndikuyenda chiimire."

"Kani nanunso munkakana kukhala pafupi ndi msilikali?"

"Ine? Munthu wolanda dziko lathu, ife nkhondo yawo osailowa n'komwe, ndizigundana naye mawondo? Malo ankakhalapo, koma ine chilili, miyendo yotupayi."

"Paja anadzaletsa kuima pamene mpando ulipo. Ine ndinangoyamba kuyenda wapansi mpaka nsapato zinandithera."

"Ndiye lero tikhalira limodzi. Koma kuwindo n'kwanga, musandilande."

Sitima inatulukira itadzaza tho, anthu akuimba, ena akulendewera pakhomo.

"Kalanga ine, mayi! Mpando wanu uja wapita."

Mayi Gudrun anaseka mpaka misozi.

"Kankhani tikwere, bambo. Kuima kwa leroku n'kokoma. Aliyense amene andiponde phazi ndi wathu."