Bowa Woliza Makina a Pageti

Pa siteji ya basi yopita ku fakitale ya magetsi a nyukiliya, Tsvetan, wantchito wa kumeneko, anakhala moyandikana ndi mayi wina wosamudziwa, amene anafukata dengu lovindikira.

"Bambo, inu mumagwira ntchito uko eti? Tiuzeni zoona, sitidzaphulika nazo?"

"Mayi, uko n'kotetezeka kuposa kukhitchini kwanu. Pageti pali makina onunkhiza poizoni wa nyukiliya. Lachiwiri lapitali anandilirira ineyo."

"Mayo ine! Potuluka?"

"Polowa! Pamaso pa oyendera ochokera kunja, anthu amene tinawapentera ndi miyala yomwe. Anandivula nsapato, ovolosi, mpaka kabudula wam'kati. Bwana akungoti, 'Tsvetan, ntchito yako yathera pano.'"

"Nanga poizoniyo anali pati?"

"M'chakudya changa chamasana. Bowa wam'nkhalango, uja amayamwabe poizoni amene mvula inatitsitsira chaka cha ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl. Akazi anga anagula pamsika."

"Pamsika timagulitsa... amagulitsa ambiri, bambo."

"Akuti wogulitsayo ndi mayi wa mpango wofiira, wolumbira kuti bowa wake amachiza nyamakazi. Oyendera aja akumusaka, akufuna akayeze dengu lake."

Mayiyo anavula mpango wake wofiira mwakachetechete n'kuukhalira.

"Koma bowayo anali wokoma?"

"Ndinalawa ngati? Anamutsekera mumgolo wachitsulo. Akuti akhala momwemo zaka mazana atatu."

"Zaka mazana atatu! Anathira mchere koma?"

"Ayi."

"Anthu ophunzira inu! Popanda mchere, ameneyo safika Khirisimasi."