Mbendera ya Ba Bornface

M'mawa wa tsiku lokumbukira ufulu, Ba Bornface a ku Chinyunyu anatembenuza nyumba yonse kufunafuna mbendera imene gulu la alimi linawasungitsa. Iwo ndiwo anayenera kuinyamula patsogolo pa perete kusukulu, alendo a ku boma akuona, ndipo mumtima anali atatsimikiza kuti akaguba bwino, upampando wa gululo ndi wawo basi. Anaipeza kumsewu waukulu, itamangidwa pamitengo, ikuchita mthunzi pa tomato wa mkazi wawo, Estina.

"Amake Leah, ichi n'chiyani?"

"Tomato," anatero Estina, akupitiriza kuunjika.

"Ndikunena chapamwambacho."

"Mthunzi."

Ba Bornface anapumira m'mwamba. Anadziuza kuti lero si tsiku lokalipa, poti mawu adzafunika poimba nyimbo ya fuko.

"Iyi si nsalu wamba, mkazi wanga. Ili ndi dziko. Ukaona mbendera, waona Zambia."

Estina anayang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana mwamuna wake.

"Ndiye Zambia ndinaichapa dzulo. Inali ndi zitosi za makoswe."

"Usalankhule choncho pamsewu."

"Nanga si munaiponya kuseri kwa matumba a chimanga? Ine ndinaimvera chisoni."

"Kodi iwe, dziko lako umalikonda?"

"Silinandifunsirepo."

"Si za chibwenzi izi. Dziko ndi mayi wako."

"Amayi ali ku Petauke. Tinalankhula Lamlungu, miyendo ikuwavutabe."

"Ndikunena mayi wa tonse. Mayi wako, mayi wanga, mayi mmodzi."

Estina anaika tomato pansi pang'onopang'ono.

"Atate a Leah, ngati mayi ndi mmodzi, munandikwatira bwanji? Abusa akudziwa?"

Basi yopita ku Chipata inadutsa, fumbi linawakuta onse awiri. Ba Bornface anadikira kuti litsike, n'kuyambanso ndi mawu amene amalankhulira pamisonkhano.

"Tamvera. Munthu amakonda dziko lake chifukwa ndi kumene anabadwira."

"Inu munabadwira m'basi, pa mlatho wa Luangwa. Apongozi amanena tsiku lililonse."

"Basiyo inali m'Zambia."

"Ikanakhotera ku Mozambique, bwenzi lero mukufuna mbendera ina?"

Funsoli linawalowa ngati munga. Anakweza mawu.

"Anthu anafera mbendera imeneyi."

"Pepani, sindinamve. Maliro anali kuti?"

"Kalekale, iwe usanabadwe. Mtundu wofiirawu ndi magazi awo."

"Iyayi, ndinatikita ndi sopo, sunachoke. Ndi utoto."

"Wakudawu ndi ife anthu. Wobiriwirawu ndi minda ndi nkhalango."

"Anaisoka anthu asanayambe kuotcha makala, eti?"

Ba Bornface anaona kuti akapitiriza, perete ayamba iwo ali pa tomato. Anakwera pa kreti, namasula zingwe, natambasula mbendera kuti aikung'unthe. Pomwepo manja anauma. Pangodya ya pansi, pamene panayenera kukhala mzere wa olenji, panali bowo loti mutu wa munthu n'kulowa. Nkhwazi ya pambenderayo inali pamwamba pake, ngati ikusuzumira m'chitsime.

"Mzere wa olenji uli kuti?"

"Watsala pang'ono apo."

"Ndikufunsa wina wonsewo. Umenewu ndi mkuwa, Amake Leah. Chuma cha dziko lonse."

"Oo. Ndiye n'chifukwa chake ndi wolimba."

"Wadula ndani?"

"Sizasi."

"Anagwira sizasiyo ndani?"

"Ine. Koma siinali yanga, ndinabwereka kwa mnzanga, Ba Harriet."

Ba Bornface anatsika pa kreti. Anaona upampando ukupita kwa mnzawo wa m'gulu, Sunday, munthu wosadziwa ngakhale ndime yachiwiri ya nyimbo ya fuko.

"Ukudziwa kuti umenewu ndi mlandu? Wodula ndi wakuba, koma woipitsitsa ndi amene akusunga chuma chimenecho. Ameneyo ndimutengera ndekha kupolisi ku Rufunsa, olo akhale m'bale wako. Unapatsa ndani?"

"Sali kutali."

"Mutchule."

"Tatembenukani."

Anatembenuka. Kumbuyo kunali msewu, mbuzi, ndi njinga yodzaza makala ikukwera mtunda.

"Sindikuona munthu."

"Pisani dzanja kumbuyo kwa buluku. Pansi pang'ono. Apo."

Zala zawo zinakhudza msoko wokhuthala. Anapotoza khosi mpaka linalira, ndipo anachiona: chigamba cha olenji, chowala ngati dzuwa, chitaphimba pokhalira ponse.

"Linang'ambika paukwati wa Eugene, mukuvina," anatero Estina. "Munati ndilikonze lisanafike lero, ndipo m'nyumba munalibe nsalu ina yolimba. Simunaone povala chifukwa munali kuyeserera sawatcha."

"Ndiye kuti ndadutsa mudzi wonse chonchi?"

"Ee. Ana a sukulu amakuwomberani m'manja."

Iwo ankayesa kuti anawo akulemekeza mtsogoleri. Ng'oma zinayamba kulira kusukulu. Buluku labwino linali lomweli. Lina linali la kumunda, lopanda mwendo umodzi.

"Musadandaule," anatero Estina, akusolola singano pa duku. "Vulani apa, ndiimika chitenje. Ndisomola chigamba, ndibwezera pa Zambia. Koma ulusi ndi wokwana msoko umodzi, ndiye musankhe: bowo likhale pa dziko kapena pa inu."

Ba Bornface anayang'ana mbendera. Anaganiza za alendo a ku boma, za azimayi a kwaya amene adzakhale kumbuyo kwawo pa perete, ndi za kabudula wamkati amene naye anali atatopa. Anapinda mbendera bwinobwino, naipanira m'khwapa, nakokera malaya pansi mpaka anabisa chigamba.

"Bweza singano yako."

"Nanga kukonda dziko kuja?"

"Ndikulikondabe," anatero akuyamba ulendo. "Koma dziko ndi lalikulu, Amake Leah, ndipo mabowo lili nawo kale ambiri. Limodzi ili palibe adzalione."