Foni Ikalira, Tikhale Chete

Abusa, akubanja, anzathu a kuntchito ndi nonse anamalira, iyi ndi mbiri ya bambo athu agona apawa, amene tonse, ngakhale akazi awo omwe, tinkawatchula kuti a Nambala Thuu. Anabadwa m'chaka cha 1961 m'nyumba za ogwira ntchito ku njanji, kuseri kwa siteshoni, ndipo anali achisamba m'banja la ana anayi. Bambo awo ankakonza mabuleki a sitima, mayi awo ankasoka zovala pakhonde.

Tisanapite patali, pempho lija mwalimva pachipata tilibwereze. Mafoni akhale m'matumba. Pasapezeke wojambula, pasapezeke wolemba chipepeso pa intaneti. Mwana wawo wamkazi, chitsirizira, ali kunja kumene dziko lamutuma ku mpikisano wa nyimbo wa mayiko, ndipo akukwera pa siteji masana omwe ano. Iye sakudziwa kuti bambo ake tikuwaika lero. Chifukwa chake muchimva m'mbiri momwemu.

Sukulu anayambira pa pulaimale ya pafupi ndi siteshoni pomwepo. Masamu ankawazunza, ndipo sankabisa. Ankati iwo ndi masamu anagwirizana kalekale zosapatsana moni. Chimene Mulungu anawapatsa ndi khutu. Aphunzitsi a kwaya anazindikira kuti mwanayu akamva huta ya sitima amathamangira pa limba n'kukalipeza liwu lomwelo osaphonya. Atamaliza sekondale anapita ku koleji ya uphunzitsi, anagwirako choko zaka zochepa, ndipo mu 1987 analowa ntchito ku wailesi ya dziko lino, ku chipinda chojambulira nyimbo. Ndi kumene ena a ife tinawapeza, atavala mahedifoni khutu limodzi lokha, linalo ankati n'lomvera miseche.

Mu 1990 anakwatira amayi akhala patsogolo apawa, omwe nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku positi ofesi ndipo ankaimba nawo kwaya. Mawu oyamba amene malemuwa anawalankhula kwa amayiwa sanali a chikondi ayi. Anawayandikira itatha nyimbo n'kuwauza kuti, "Chemwali, mukutsika." Amayi anakwiya mwezi wathunthu. Ukwati wake ndi umene wathera pano lero, ndipo Mulungu anaudalitsa ndi ana atatu.

Za dzina lija. Chaka ndi chaka wailesi imaitana opeka nyimbo, majaji n'kusankhapo zochepa, kenako omvera n'kuvota pa foni, ndipo yopambanayo ndiyo imanyamula mbendera kupita ku mpikisano wa mayiko. Malemuwa ankalowa chaka chilichonse. Ankafika kumapeto chaka chilichonse. Ndipo akamalengeza zotsatira, ife m'chipinda muja tinkayamba kuyang'ana pansi, chifukwa tinkadziwa kale: achiwiri. Zinachitika mpaka tinasiya kuwerenga, ndipo dzina linamera pomwepo. Chowawa n'chakuti ntchito yojambula bwinobwino nyimbo yowaposayo inali yawo yomwe. M'mawa mwake ankalawirira, kupukuta mamaikolofoni, kumuimika wowagonjetsayo pakati pa chipinda n'kumubwerezetsa mzere umodzi mpaka thukuta kamukamu. Wina akawafunsa ngati sizikuwapweteka, ankayankha kuti, "Zikundipweteka, nanga ndine mwala? Koma nyimbo ikatuluka pachipata cha dziko si yakenso uyu, manyazi ake tidzagawana tonse." Anapuma pa ntchito mu 2021, koma kulowa mpikisano sanapume.

Kutchalitchi anali mkulu wa kwaya zaka zambiri. Akwaya muli pano mukudziwa kuti kiyi, liwu loyambira nyimbo lija, sankaperekera pa limba. Ankatseka pakamwa, kuweramitsa mutu, n'kung'ung'uza kamodzi kokha, basi nyimbo yayamba. Mwana wawo wamkazi anakulira m'kung'ung'uza kumeneko. Atayamba kuimba payekha, kaya ndi pa ukwati kaya ndi mu situdiyo, sankatsegula pakamwa asanaimbire foni bambo ake kuti amupatse kiyi. Tinkamuseka kuti oimba magitala ali pomwepo, iye akufuna kiyi ya kunyumba. Ankangoseka, foni ili kukhutu.

Chaka chino malemuwa anapeka nyimbo n'kumupatsa mwanayo kuti ayimbe. Majaji anailola, omvera anavota, ndipo wolengeza atafika pa nambala thuu anatchula munthu wina, nambala wani n'kukhala iwo. Ife tinakuwa, ena tinagwetsa mipando. Iwo anangotembenuka n'kufunsa kuti, "Ndiye dzina langa lija mutani nalo?" Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Malemuwa anakatenga pasipoti yoyamba m'moyo mwawo, anakasoketsa suti yakuda kwa telala wa kumsika, ndipo ankaiyesa pagalasi amayi akuwanena kuti mimba yakana. Suti imeneyo ndi imene avala m'bokosimu.

Walira mvula walira matope. Nyimboyo itangosankhidwa, pa intaneti panabuka anthu odziwa kuimba kuposa onse, ena akuti ndi yachikale, ena akunyoza mpaka diresi la mwanayo. Mkulu wa gulu lopita kunjalo anaona kuti mwana atha mtima, choncho anagwirizana kuti foni yake aisunge iwo mpaka mpikisano utatha. Kunyumba amaimba pa foni ya mkuluyo, akamakayeserera pa siteji, kuti alandire kiyi. Tikunena izi kuti mumvetse chifukwa chake uthenga sunamupeze.

Kutatsala masabata awiri kuti anyamuke, malemuwa anagwa m'bafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko, yobwera ndi kuthamanga kwa magazi kumene anakhala nako nthawi yaitali. Dzanja lamanja linafooka, lilime linalemera, koma mawu ankamveka. Mwanayo anati sapitanso. Bambo ake anamuitanitsa pambali pa bedi n'kumuuza kuti, "Ine ndakhala wachiwiri moyo wanga wonse. Iwe ukufuna tsopano ndikhale wosapita n'komwe? Nyamuka." Tsiku la ulendo litakwana, ananyamuka akulira. Tsiku lomwelo, nkhanga zinapangana kusanapse, malemuwa anawauza amayi pamaso pa ang'ono awo, omwe ndi amakaniki, kuti zikavuta mwanayo asauzidwe mpaka atatsika pa siteji, ndiponso kuti iwo asasungidwe mufiriji kudikira ndege. Amayi anawakalipira kuti asiye kulankhula zopusa. Iwo anabwereza, ndipo amayi anavomera kuti nkhaniyo ithe.

Patapita masiku ochepa sitiroko inabweranso, ndipo ulendo uno inatenga mawu onse. Chodabwitsa n'chakuti kung'ung'uza kunatsala. Mwanayo akaimba foni, amayi ankamuuza kuti bambo ako akupezako bwino koma adokotala awaletsa kulankhula, n'kuwaika foni pakamwa. Iwo ankatseka maso n'kupereka kiyi. Odwala anzawo m'chipindamo anazolowera, foni ikalira ankazimitsa mawailesi awo.

Anatisiya Lachinayi m'mawa, amayi akuwapukuta kumaso.

Akubanja anakhala pansi tsiku lomwelo, ndipo tisanamizane, sanamvane. Alongo awo a malemu anati kumubisira mwana maliro a bambo ake ndi nkhanza, sadzatikhululukira. Ana aamuna awiri aja anagawanika. Ena mwa ife mpaka pano mitima ikutitsutsa, ndipo mwina alongowo akunena zoona. Koma amayi, amene sanagwetse msozi kuyambira Lachinayi, anangoti, "Ndinavomera ali moyo. Ndikakane lero poti sangandiyankhe?" Nkhani inathera pomwepo. Mkulu wa gulu uja anauzidwa, ndipo akuyenda nalo yekha thumba limeneli kunjako. Wailesi imene anaigwirira ntchito zaka zonsezi sinalengeze imfa yawo, ndipo m'mawa uno inaika nyimbo yawo n'kuwafunira zabwino ngati ali moyo.

Dzulo mwanayo anaimba foni, ali pafupi kukayeserera komaliza. Amayi analankhula naye monga mwa masiku onse, za nyengo, za chakudya cha kumeneko chimene akuti sichikumukomera. Kenako anati, "Apatseni bambo." Amayi anapereka foni kwa ang'ono a malemu, poti mawu awo ndi ofanana moti ngakhale ife tinkawasokoneza. Amakanikiwa anali atakonzeka. M'mawa wonse anakhala pa limba la malemu pabalaza, akulimenya liwulo n'kumalitsatira mpaka linakhazikika. Anatseka pakamwa n'kung'ung'uza, ndipo analipeza ndendende.

Kenako mwanayo anati, "Lero mwandipatsa yeniyeni." Anathokoza, foni n'kuduka.

Palibe anamvetsa, kupatula amayi. Iwo ndi amene anatiuza chinthu chimene ife tonse a makutu athu sitinachidziwe zaka zonsezi. Malemuwa sankamupatsa mwanayo kiyi yeniyeni. Ankaikweza pang'ono chabe, chifukwa mwanayo akachita mantha amatsika ngati mayi ake, ndiye akatsika amakagwera pamalo pake. Mwanayo ankadziwa, bambo ake ankadziwa, ndipo sankakambirana. Ngati dzulo anazindikira kanthu, sananene. Ifenso sitinamufunse. Mkulu wa gulu akuti anayeserera bwino, anadya pang'ono, n'kukagona msanga.

Tsono pempho lathu ndi ili. Nthawi ya kumeneko ndi ya kuno n'zosiyana, ndipo foni ikhoza kulira tili pakati pa mwambo uno, mwina tikutsitsa bokosi. Ili m'thumba la jekete la amakaniki, aima kumbuyo kwa amayiwo. Ikalira, akwaya mudule nyimbo pomwe yafikapo. Abusa atilola. Amayi amene mukulira, tikudziwa kuti n'zovuta, koma gwirani pakamwa ndi nsalu. Ana agwireni. Tikhale chete mpaka amayi alankhule naye, mpaka ang'ono awo apereke kiyi, ndipo lero aikweza pang'ono monga ankachitira akulu awo. Kaya akakhala woyamba, kaya wachiwiri, kaya wotsiriza, zimenezo si zathu. Ife tikungofuna akayambe nyimboyo pamalo pake n'kuimaliza.

Malemuwa asiya akazi awo, ana aamuna awiri ndi akazi awo, zidzukulu zinayi, alongo awo awiri, ang'ono awo mmodzi, akwaya amene kuyambira Lamulungu lino azipatsana okha kiyi. Asiyanso mwana wamkazi mmodzi, amene pa nthawi ino akumupaka zodzoladzola kumaso, ndipo akuti akatsika pa siteji aimbanso foni kuti awauze bambo ake mmene zayendera. Foni yachiwiriyo amayi ati ayankha okha.

A Nambala Thuu apumule mu mtendere.